Chotsani dzanja pa fayilo: kalata kwa amene akutilamulira

Kwa inu atsogoleri a maboma, nduna, alembi akuluakulu a maunduna, ndi alangizi amene mumayenda pambuyo pawo,

Olemekezeka,

Ndakulemberani kuti ndikupempheni chinthu chimodzi. Munthu wamba akafika pa ofesi ya boma kudzafunsa chikalata chimene lamulo limamulola kuona, inu andale musamalowererepo. Musamaimbe foni, musamatume mnyamata wanu, musamafunse kuti wabwerayo ndi wa chipani chiti. Zimene ndikunenazi si za m'maluwa. Ndidakhalapo mbali inayo ya kauntala, ndipo ndidanamapo m'malo mwanu.

Kwa zaka zingapo ndidagwira ntchito mu ofesi yosunga mafayilo pa nthambi ina ya boma. Ndi ntchito yosatchuka: kulandira makalata, kudinda chidindo cha tsiku, kulemba nambala m'buku, ndi kudziwa kuti fayilo yakutiyakuti ili pa tebulo la ndani. Tsiku lina kudabwera mayi ena achikulire, atasunga kapepala kopindapinda m'kajumbo kuti kasanyowe. Malo awo adatengedwa pomanga msewu, ndipo adamva kuti anzawo adalandira chipukutamisozi pamene iwo sadaone kanthu. Sadabwere ndi mkangano. Ankangofuna kuona mndandanda wa amene adalipidwa, kuti adziwe ngati dzina lawo lidaiwalika kapena ngati wina adasayina m'malo mwawo.

Fayiloyo ndinkaidziwa bwino. Idali ya chikuto chobiriwira, chong'ambika pakona, pa shelefu yachiwiri kuchokera pansi. Ndidawathandiza kulemba pempho, mkulu wanga adaliwerenga nati palibe choletsa, ndipo tidajambula masamba anayi kuti mayiwo adzatenge mawa lake. Madzulo foni idalira. Mawu a mbali inayo sadamveke, koma chitseko chidali chotsegula, ndipo ndidaona mkulu wanga akudzuka pampando, kuimirira ndithu ngati woimbayo walowa m'chipindamo, n'kumangoti, "Inde bwana. Chabwino bwana." Atatsitsa foni adatenga masamba anayi aja, kuwaika m'dirowa, nandiuza kuti, "Akabwera muwauze kuti fayilo sikupezeka. Akuluakulu akufuna aione kaye."

Mayiwo adabwera kanayi. Ulendo woyamba ndidati fayilo sikupezeka. Wachiwiri ndidati abwana ali kumsonkhano. Wachitatu ndidati ayesenso sabata yamawa. Ulendo wachinayi sadakhale n'komwe pa benchi. Adangoima pa kauntala n'kunena kuti, "Mwanangu, ngati n'zosatheka ungondiuza, ndisamathe nsapato." Fayilo idali kumbuyo kwangaku, poti kutambasula dzanja ndikadaikhudza. Ndidayang'ana pansi, iwo adatuluka, ndipo sadabwerenso. Pa mndandandawo padali maina a anthu amene sadakhalepo ndi munda kapena nyumba m'mbali mwa msewuwo, ndipo ena mwa iwo tinkawaona akukhala mipando ya kutsogolo pa misonkhano ya chipani.

Taonani mmene zidayendera. Palibe lamulo limene lidasinthidwa tsiku limenelo. Palibe kalata yokana imene idalembedwa, palibe wamkulu amene adasayina paliponse. Mukadafufuza m'buku lathu mukadapeza kuti pempho lidalandiridwa ndipo likuunikidwa. Wonama ndidali ine, wa pansi penipeni, ndipo nkhani ikadabuka ikadagwera ine ndi mkulu wanga. Woimba foni uja dzina lake silili pa pepala lililonse. Kulowerera kwanu kumayenda chotero nthawi zambiri, pakamwa, mwakachetechete, kudzera mwa anthu amene ali ndi ana kusukulu ndi ngongole kubanki, amene sangayerekeze kuyankha kuti, "Bwana, mundilembere zimenezo."

Ndinkaganiza kuti matendawa ndi a maiko osauka okha, kumene mafayilo amadyedwa ndi chiswe. Ndidalakwa. Dziko la Canada lakhala ndi lamulo lotsegula zikalata za boma kuyambira 1983. Mu 2009 mtolankhani wa Canadian Press adapempha lipoti la masamba 137 lokhudza nyumba ndi malo a boma. Ogwira ntchito mu undunawo adaliunika, naona kuti mulibe chobisa, nalipereka ku chipinda chotumizira makalata. Mlangizi wa ndale wa nduna atamva adalamula kuti libwezedwe, ndipo munthu adathamanga kukalichotsa pa mulu wa makalata lisanatuluke. Mtolankhani uja adadzalandira masamba 30 okha, mochedwa. Mu 2011 komishonala woona za lamuloli, a Suzanne Legault, adapeza kuti mlangiziyo adalowerera popanda mphamvu iliyonse imene lamulo lidamupatsa. Ntchito idali itamuthera kale mu 2010, koma apolisi sadamutengere kukhoti. Nditawerenga nkhani imeneyi ndidaona dirowa ya mkulu wanga ija.

Ku America, a Barack Obama atangolowa m'boma mu 2009 adalengeza kuti maofesi azikondera kutsegula osati kutseka. Chaka chotsatira atolankhani a Associated Press adavumbula kuti ku unduna wa chitetezo cha m'dziko, mapempho ooneka ovuta ankadutsa kaye m'manja mwa osankhidwa ndi ndale, ndipo ogwira ntchito ankauzidwa kufotokoza za wofunsayo: amakhala kuti, ndi mtolankhani kodi, ngati ndi phungu ndi wa chipani chiti. Ku Britain nako mu 2020 atolankhani a openDemocracy adaulula za kagulu ka mu ofesi ya nduna, kotchedwa Clearing House, kamene kankalandira mapempho ochokera kumaunduna osiyanasiyana, maina a atolankhani ali pomwepo, n'kumalangiza za kayankhidwe. Funso lake ndi lomwelo kulikonse: wafunsa ndani? Pamene funso loyenera ndi lina: kodi chikalatachi lamulo limalola kuti chituluke? Ngati limalola, chituluke kwa wansembe ndi kwa chidakwa chimodzimodzi, kwa wokuvoterani ndi kwa wokutukwanani pa wailesi. Mukangoyamba kuyang'ana nkhope, mwasandutsa ufulu kukhala mphatso, ndipo mphatso amalandira ndi okhawo amene amakuombereni m'manja.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mumaona mafayilowo ngati anu. Mumakhala nawo tsiku lonse, muli siginecha zanu, muli zolakwitsa zanu. Koma pepala lidagulidwa ndi msonkho, inki ndi msonkho, malipiro a wolembayo ndi msonkho, ndipo nkhani imene ili mkatimo ndi ya moyo wa munthu wina. Anthu amene adaimvetsa bwino mfundo imeneyi sadali maloya. Adali aganyu a ku Rajasthan, ku India, amene ankakumba misewu ndi maiwe pa ntchito za boma za nthawi ya chilala, koma pa tsiku la malipiro ankalandira zoperewera. Akafunsa ankauzidwa kuti m'kaundula mwalembedwa choncho, ndipo kaundulayo ndi chinsinsi cha boma. Gulu lawo la Mazdoor Kisan Shakti Sangathan, limene a Aruna Roy ndi anzawo adayambitsa mu 1990, lidapeza makope a makaundula ena, ndipo kuyambira 1994 lidayamba kuwawerenga mokweza pabwalo, mudzi wonse uli pomwepo. Wowerenga amatchula dzina, khamu n'kuyankha kuti ameneyo adamwalira kalekale. Amatchula nyumba imene boma lidalipira kuti yamangidwa, anthu n'kuloza pamalo popanda ngakhale njerwa imodzi. Mu 1996 adakhala pansi masiku 40 m'tauni ya Beawar kufuna lamulo, ndipo mfuu yawo inkati ndalama ndi zathu, tione mmene zayendera. Lamulo la dziko lonse lidadza mu 2005, lopatsa ofesi masiku 30 kuti iyankhe, kapena maola 48 ngati nkhaniyo ikukhudza moyo kapena ufulu wa munthu, ndipo wozengereza dala amalipira chindapusa kuchokera m'thumba mwake. Anthu osadziwa kuwerenga adamenyera ufulu woona pepala, chifukwa adazindikira kuti njala yawo idalembedwa pamenepo.

Sindikunena kuti boma lisakhale ndi chinsinsi. Kumene asilikali agona usiku uno, dzina la mboni imene ikubisala, matenda a munthu amene ali m'chipatala, kafukufuku wa apolisi amene sadathe, zimenezi zisungidwe ndithu, ndipo malamulo onse abwino amazitchula. Chimene ndikukana ndi chidindo cha chinsinsi chodindidwa pobisa manyazi. Mu 2002 pulezidenti Thabo Mbeki wa ku South Africa adatuma oweruza awiri, a Sisi Khampepe ndi a Dikgang Moseneke, kukaona chisankho cha pulezidenti ku Zimbabwe. Adalemba lipoti, lipotilo lidatsekeredwa. Nyuzipepala ya Mail & Guardian idalipempha mu 2008, ndipo ofesi ya pulezidenti idakana, kulimbana nayo khoti ndi khoti ndi ndalama za anthu omwewo amene ankabisiridwa. Lidatuluka mu 2014, patapita zaka 12 chilembedwere. Mudalibe mapu a nkhondo kapena maina a akazitape. Mudali mawu a oweruza akuti chisankhocho sichikadatchedwa chaufulu ndi chachilungamo, pamene boma lawo lidachivomereza. Chimene chinkatetezedwa ndi nkhope za anthu ochepa. Pa zaka 12 zimenezo anthu a ku Zimbabwe adavotanso kangapo, ambiri adathawa kwawo, ndipo choonadi chidafika ntchito yake itatha.

Kuchedwetsa ndiye chida chanu chachikulu, chifukwa sichioneka ngati kukana. Uthenga uli ngati mankhwala, uli ndi tsiku lake. Kontrakiti ikatuluka mlatho utagwa kale, kapena lipoti la ndalama likatuluka chisankho chitadutsa, mwapereka chikopa nyama mutadya. Atolankhani a ku Britain, mmodzi mwa iwo a Heather Brooke, adayamba kufunsa za ndalama zimene aphungu ankabwezeredwa, lamulo lotsegula zikalata litangoyamba kugwira ntchito mu 2005. Nyumba ya malamulo idakana, aphungu ena adayesa kusintha lamulo kuti lisawakhudze iwo, khoti lalikulu lidagamula mu 2008 kuti zituluke, komabe zidazengereza mpaka wina adazembetsa zikalatazo kupita ku Daily Telegraph mu 2009. Anthu adaona phungu akupempha mapaundi 1,645 a kanyumba ka abakha pa dziwe la kwake. Sipikala Michael Martin adatula pansi udindo, aphungu angapo adalowa m'ndende. Makope amene nyumbayo idadzatulutsa yokha adali odetsedwa ndi inki yakuda mizere yambirimbiri, moti zikadapanda kuzemba, zambiri sizikadadziwika.

Pali china choipa kuposa kuchedwetsa. Ku British Columbia, ku Canada komweko, kuli msewu umene amayi ndi atsikana ambiri, makamaka a mitundu ya eni nthaka, adasowa kapena kuphedwa. Mu 2014 kudafika pempho ku unduna wa zamtengatenga lofuna zikalata za misonkhano yokhudza msewu umenewu. Wogwira ntchito wina adapeza maimelo pa kompyuta yake. Malinga ndi umboni wake, umene komishonala Elizabeth Denham adaukhulupirira mu lipoti lake la 2015, wothandizira nduna adamulanda kiyibodi n'kufufuta maimelowo. Kafufutidwe kake kadali ka patatu: kuchotsa m'bokosi, kuchotsa m'zinyalala, kuchotsanso mosungira momwe akatswiri akadatha kuwabweza. Kumbuyo kwa maimelo amenewo kudali makolo amene sadaike maliro a ana awo. Masiku ano ambiri mwa inu mwaphunzira njira yachidule: osalemba n'komwe. Nkhani ya mabiliyoni mumaipangana pa WhatsApp ya foni yanu, uthenga n'kumadzifufuta wokha, ndipo wofunsa akafika ofesi imayankha moona kuti palibe chikalata. Boma losalemba ndi loopsa kuposa boma lobisa, chifukwa chobisika tsiku lina chimapezeka.

Ndipo mukaona kuti woyang'anira lamuloli ali ndi mano, mumamuzula mano. Ku India mu 2019 adasintha lamulo lija kuti boma ndilo liziganiza za malipiro ndi nthawi ya udindo wa makomishonala, zimene kale zidali zokhazikika m'lamulo momwemo. Munthu amene mawa lake lili m'manja mwa nduna angalamule bwanji nduna yomweyo kutsegula kabati? Ku Mexico bungwe loyang'anira lamuloli la INAI, limene maiko ambiri ankaphunzirako, lidakhala miyezi ingapo mu 2023 osatha kugamula milandu chifukwa mipando ya makomishonala idasiyidwa yopanda anthu, kenako lidathetsedwa, ndipo mu 2025 ntchito yake idapita pansi pa unduna wa boma lomwelo limene linkayenera kuyang'aniridwa. Kwina lamulo limadutsa, anthu n'kuvina, kenako limagonekedwa. Ku Malawi aphungu adalivomereza mu December 2016, pulezidenti adasayina mu February 2017, koma lidadikira nduna kuti itchule tsiku loyambira mpaka pa 30 September 2020. Ku Ghana bilu yake idazungulira zaka pafupifupi 20 isanakhale lamulo mu 2019. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo inu mwaphunzira kukhala pamkhate penipeni.

Ngakhale manambala simuwasiya. Ku Argentina kuyambira 2007 boma lidalowerera ofesi ya kalembera, kukwera kwa mitengo kudayamba kulengezedwa kochepa, ndipo akatswiri amene ankatulutsa manambala awo adalipitsidwa chindapusa. Ku Tanzania mu 2020 chiwerengero cha odwala Covid-19 chidaima pa 509 kwa nthawi yoposa chaka, anthu akuikabe maliro. Ku Brazil chaka chomwecho unduna wa zaumoyo udachotsa pa intaneti chiwerengero cha onse omwalira mpaka khoti lalikulu lidalamula kuti chibwezedwe. Namwino amene sadziwa kukula kwa mliri amalowa mu wodi osadziteteza mokwanira, ndipo amene amafa ndi iyeyo.

Mtengo wa chinsinsi salipira ndi wobisayo. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma la Mozambique, Ematum, ProIndicus ndi MAM, adakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni kudzera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB, ati za maboti ophera nsomba ndi oteteza gombe. Nduna ya zachuma, a Manuel Chang, idasayina kuti boma lidzabweza, nyumba ya malamulo osafunsidwa. Zitaululika mu 2016, IMF ndi maiko othandiza adaimitsa thandizo, ndalama ya metical idagwa, zinthu zidakwera mtengo, ndipo maboti aja adachita dzimbiri padoko ku Maputo. A Chang adapezeka olakwa ku New York mu 2024. Koma mphunzitsi wa ku Nampula amene malipiro ake adasanduka madzi sadasayine kalikonse, ndipo palibe khoti limene lidzamubwezere zaka zimenezo. Chikalata chija chikadaikidwa pa tebulo la aphungu tsiku limene chidasayinidwa, phungu mmodzi yekha wofunsa mafunso akadatha kupulumutsa dziko.

Kutsegula nako kuli ndi zipatso zake, ndipo zidayesedwa. Ku Uganda kafukufuku adapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995, pa ndalama zimene boma linkatumiza kusukulu za pulayimale zogulira zipangizo, 13 peresenti yokha ndi imene inkafika. Zina zinkathera panjira, m'maofesi a m'maboma. Boma lidayamba kusindikiza m'nyuzipepala ndalama zimene latumiza mwezi uliwonse, ndipo sukulu zidauzidwa kumata pakhoma zimene zalandira. Pofika 2001 zofika zidapitirira 80 peresenti. Padali zosintha zinanso pa nthawiyo, koma taganizani za mphunzitsi wamkulu amene tsopano akupita ku ofesi nyuzipepala ili m'manja, chala chili pa nambala. Amene adapindula ndi ana, ndipo boma lomwelo lidapindula, chifukwa ndalama zake zidayamba kugwira ntchito imene lidalonjeza.

Ndamvapo zifukwa zanu, zina ndidazimva ndi makutu anga m'makonde a ofesi. Mumati anthu sadzamvetsa, adzatanthauzira molakwika. Ngati ndi choncho tulutsani chikalatacho pamodzi ndi kufotokoza kwanu. Muli ndi akuluakulu ofalitsa nkhani, muli ndi wailesi, muli ndi nsanja kulikonse. Anthu amene mudawakhulupirira kuti angasankhe pulezidenti simunganene kuti sangawerenge risiti. Mumatinso otsutsa adzapezerapo mwayi. Inde adzapezerapo, imeneyo ndiyo ntchito yawo, ndipo inunso mudaigwira. Mukatseka chitseko anthu sasiya kulankhula. Amangoyamba kudzaza okha mpata umene mwasiya, ndipo mphekesera nthawi zonse imakula kuposa fayilo. Ndaonapo nduna yosalakwa ikunyozedwa miyezi yambiri pa nkhani imene tsamba limodzi likadaithetsa, chifukwa alangizi ake adazolowera kukana chilichonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mmene mumasinthira. Muli kotsutsa mumafuula za kuchita zinthu poyera, mumalonjeza kuti mukadzalowa makabati onse adzatseguka. Mukalowa, makiyi amakoma m'thumba. Si inu oyamba. Lamulo loyamba la mtunduwu pa dziko lapansi lidakhazikitsidwa ku Sweden mu 1766, mothandizidwa ndi mbusa wina, Anders Chydenius, ndipo lidangokhala zaka 6 mfumu Gustav III isanalande mphamvu mu 1772 n'kulifooketsa. Ku America phungu John Moss adalimbana zaka zoposa 10 kuti lamulo la 1966 lidutse, ndipo aphungu atafuna kulilimbitsa mu 1974, nkhani ya Watergate imene idagwetsa pulezidenti Richard Nixon ikadali yaiwisi, pulezidenti Gerald Ford adakana kusayina mpaka adamugonjetsa ndi mavoti. A Tony Blair, amene boma lawo lidabweretsa lamuloli ku Britain mu 2000, adadzalemba mu 2010 kuti adachita zopusa kulikhazikitsa. Choncho sindidalira mtima wabwino wa munthu aliyense wa inu, ngakhale amene ndidamuvotera. Mpando umenewo umasintha anthu, ndipo n'chifukwa chake chigamulo cha fayilo chiyenera kuchoka pa mpandowo. Munthu amene ntchito yake yalembedwa m'chikalata sangakhale woweruza woti chikalatacho tichione kapena ayi. Kumbukiraninso kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lidzafika limene mudzakhale kunja, mukuimbidwa mlandu umene simudapalamule, ndipo umboni wokupulumutsani udzakhala m'dirowa ya munthu amene walandira foni.

Zimene ndikupempha sizifuna ndalama zambiri. Lembani kalata yozungulira maofesi onse, yosayinidwa ndi wamkulu wa dziko, yonena kuti chigamulo pa pempho ndi cha ofisala amene lamulo lidamuika, ndi kuti nduna, mlangizi kapena mkulu wa chipani amene akufuna kunenapo kanthu alembe maganizo ake, asayine, ndipo pepalalo lilowe m'fayilo momwemo kuti wofunsa ndi khoti adzalione. Mudzadabwa kuchepa kwa amene adzalembe. Dzina la wopempha lizichotsedwa pempho lisanapite kwa wina aliyense kupatula wolilandira. Nduna ikhoza kudziwitsidwa kuti chikalata chakuti chikutuluka, kuti isadzidzimuke mtolankhani akaimba, koma kudziwitsidwa si kupemphedwa chilolezo, ndipo tsiku lotulutsa lisasunthe ngakhale limodzi podikira kuti abwana abwere kuchokera kunja.

Wokana alembe chifukwa chake ndi gawo la lamulo limene waimapo. Kufufuta kapena kubisa chikalata chimene chapemphedwa kukhale mlandu umene wotuma amalangidwa koposa wotumidwa, ndipo nkhani ya boma yopanganidwa pa foni yanu ilembedwe m'fayilo sabata isanathe. Woyang'anira lamuloli asankhidwe poyera kudzera ku nyumba ya malamulo, akhale ndi nthawi yake yokhazikika ndi bajeti imene nduna yokwiya singaidule, ndipo mpando wake usakhale wopanda munthu. Koposa zonse, musadikire kufunsidwa. Makontrakiti, ngongole zonse ndi zimene mwalonjeza pokongola, mindandanda ya olipidwa, malipoti a owerengera ndalama za boma, ziikidwe pa intaneti ndi pa makoma a maofesi kumene anthu opanda intaneti amafika. Chikalata chimene chili kale pakhoma palibe angachiimbire foni.

Ndipo tetezani ofisala wamng'ono. Pano wotulutsa chikalata ndiye amasamutsidwa kupita kumene kulibe msewu, pamene wobisa amakwezedwa. Ku India ena mwa ofunsa adalipira ndi moyo: a Amit Jethwa, amene ankafufuza za migodi yosaloledwa pafupi ndi nkhalango ya Gir, adawomberedwa mu 2010 pafupi ndi khoti lalikulu ku Ahmedabad. Ofisala amene akuona zotere, kapena amene adangoona mnzake akulongedza katundu, safunikanso kuopsezedwa. Amadziletsa yekha foni isanalire. Ine ulendo wachiwiri ndi wachitatu uja palibe adandiuza chonena. Mabodzawo ndidapeka ndekha, chifukwa ndidali nditadziwa kale chimene akuluakulu amafuna.

Mayi aja sindidawaonenso, ndipo ndidachoka pa ntchitoyo fayilo yobiriwira ikadali pa shelefu yachiwiri. Lero pa kauntala yomweyo pali mnyamata kapena mtsikana wina, ndipo pa benchi pali munthu wina ndi kapepala kake m'kajumbo. Ndikupempha kuti kalata ndanena ija imufike wachinyamatayo mwezi uno, yosayinidwa ndi dzanja lanu, kuti foni ikalira madzulo akhale ndi pepala loloza poyankha kuti, "Pepani bwana, mundilembere."

Ine wanu,

Nzika imene idasungapo mafayilo anu